Tsamba la Ana: Kanambala Kam'mwamba ndi Timizere Topendama

Ana inu, lero tiyambe ndi kamasewero. Pemphani foni kwa amayi, abambo kapena achemwali anu, mutsegule WhatsApp, kenako mulembe mawu akuti moni mutaika kanyenyezi kutsogolo ndi kumbuyo kwake, chonchi:

    *moni*

Mukangotumiza, tinyenyezi tiwiri tija tisowa. Patsala moni yekha, koma wa zilembo zonenepa, zakuda bii. Kodi tinyenyezi tija tapita kuti? Foni sinatione ngati mbali ya uthenga wanu. Inatimva ngati lamulo lakuti, "Mawu ali pakati pathuwa uwanenepetse." Itamvera lamulolo, inatibisa.

Kalembedwe kotere, kouza makina zochita pogwiritsa ntchito tizizindikiro tochepa timene tili kale pa kiyibodi, kalipo ka mitundumitundu. Kotchuka kwambiri ndi Markdown. Anthu opanga mapulogalamu a pakompyuta amalemba Markdown tsiku ndi tsiku, ndipo ophunzira a kuyunivesite ndi olemba mabuku ena nawonso anaizolowera.

Markdown inayamba chonchi. Masamba a pa intaneti amalembedwa m'chilankhulo cha makina chotchedwa HTML, chimene Tim Berners-Lee anayambitsa cha m'ma 1990 akugwira ntchito ku CERN, malo ofufuzira za sayansi pafupi ndi mzinda wa Geneva. HTML imagwira ntchito bwino, koma kuilemba ndi manja n'kotopetsa. Kuti moni wathu uja anenepe, muyenera kulemba zonsezi:

    <strong>moni</strong>

Taganizani nkhani ya masamba khumi yodzaza ndi zimenezi. Maso amatopa nkhaniyo musanaimve n'komwe. Bambo wina wa ku Philadelphia, ku America, dzina lake John Gruber, amene amalemba nkhani za makompyuta, anatopa nazo. Mu 2004 anatulutsa Markdown. Ankafuna kuti munthu azitha kuwerenga zimene walemba mosavuta ngakhale kompyuta isanazisinthe. Tizizindikiro tambiri anatitengera kwa anthu olemba maimelo, amene anali atazolowera kale kuika tinyenyezi pa mawu ofunika. Amene anamuthandiza kwambiri ndi maganizo anali Aaron Swartz, mnyamata wa zaka 17 zokha, msinkhu wa ana a fomu 3 kapena fomu 4. Njira yolembera mutu wa nkhani poyamba ndi chizindikiro cha #, chija mumadina pomaliza mukamaika mayunitsi m'foni, inachokera ku kalembedwe kena kamene Aaron anapanga mu 2002.

Chenjezo limodzi tisanapitirire. WhatsApp ndi Markdown ndi apachibale, koma samva zofanana. Mu Markdown kanyenyezi kamodzi mbali iliyonse kamapendeketsa zilembo, ndipo kuti zinenepe pamafunika tiwiritiwiri. Mu WhatsApp kamodzi ndi kokwanira kunenepetsa.

Tsopano tione zinthu ziwiri zimene zimasokoneza ngakhale akuluakulu.

Mawu a m'munsi

Tsegulani Baibulo kapena buku lalikulu la mulaibulale ya kusukulu. Nthawi zina muona kanambala kakang'ono, kapena kanyenyezi, katakhala m'mwamba pang'ono kumapeto kwa liwu. Mukatsitsa maso mpaka pansi pa tsambalo, mupezanso kanambala komweko, kakutsatiridwa ndi mawu a zilembo zing'onozing'ono. Amenewo ndi mawu a m'munsi. Wolemba amaikamo zinthu ziwiri: kumene anatenga zimene akunenazo, kapena mfundo yowonjezera imene ikanadula nkhani pakati akanailowetsa m'ndime.

Ine ndimawakonda kwambiri a mtundu woyambawo. Munthu akalemba kuti nsomba zachepa m'nyanja, mwana wochenjera amafunsa kuti, "Mwadziwa bwanji?" Mawu a m'munsi ndiwo amayankha funso limenelo, ndipo wolemba wopanda yankho amagwidwa pomwepo.

Tizizindikiro timeneti si ta dzana. Zaka zoposa 2,000 zapitazo, mulaibulale yaikulu ya ku Alexandria, m'dziko la Egypt, katswiri wina dzina lake Aristarchus ankaika kanyenyezi m'mbali mwa mizere ina ya ndakatulo za Homer pofuna kuti owerenga aime ndi kuonetsetsa. Makina osindikizira mabuku atabwera, osindikiza ankagwiritsa ntchito kanyenyezi pa mfundo yoyamba ya m'munsi, kamtanda aka † pa yachiwiri, ndi aka ‡ pa yachitatu. Koma mfundo zikachuluka tizizindikiro tinkatha, motero manambala ndiwo anapambana, pakuti manambala satha.

Katswiri wina wa mawu a m'munsi anali Edward Gibbon wa ku England, amene analemba mbiri ya kugwa kwa ufumu wa Roma m'mabuku asanu ndi limodzi. Buku loyamba linatuluka mu 1776. Mfundo zake zowonjezera zilipo masauzande, ndipo zina n'zoseketsa kuposa nkhani yeniyeniyo. Poyamba mfundozo zinasindikizidwa kumapeto kwa buku. Mnzake wina wanzeru zakuya, David Hume, anadandaula kuti n'zotopetsa kumangotembenuza masamba, kupita kumapeto n'kubwereranso. Pambuyo pake mfundozo zinasamutsidwira pansi pa tsamba lililonse. Musaiwale dandaulo la Hume limeneli, tikumana nalonso.

Kwa anthu otayipa pa taipilaita, mawu a m'munsi anali mutu waukulu. Ankayenera kuyerekeza mpata woti ausiye pansi pa pepala asanafikeko. Choipa kwambiri chinali ichi: ngati watayipa mfundo 30, kenako n'kukumbukira ina yofunika kulowa pakati pa yachiwiri ndi yachitatu, manambala onse otsatira ankayenera kusintha. Yachitatu ikhale yachinayi, yachinayi ikhale yachisanu, mpaka kumapeto.

Mu Markdown timalemba chonchi:

    Phiri la Mulanje ndi lalitali kuposa mapiri onse a m'Malawi.[^1]

    [^1]: Nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002.

Onetsetsani bwino, pakuti kachizindikiro kalikonse kali ndi ntchito. Pamene mukufuna kanambala kam'mwamba mumatsegula bulaketi ya makona, kenako mumaika kachizindikiro kosongoka aka ^ kotchedwa caret, kenako nambala, n'kutseka bulaketi. Pa kiyibodi zambiri caret imapezeka mukadina Shift ndi 6 nthawi imodzi. Mzere wachiwiriwo ndi mfundo yeniyeniyo. Umayamba chimodzimodzi, koma pambuyo pa bulaketi pamabwera timadontho tiwiri. Timadontho timeneto ndito timauza kompyuta kuti, "Apa sindikuitana mfundo, ndikuilemba." Mukatiiwala, kompyuta siipeza mfundoyo.

Kompyuta ikasintha zimenezi kukhala tsamba loti anthu awerenge, mabulaketi ndi caret zimasowa. Pambuyo pa liwu lakuti m'Malawi pamaoneka ka 1 kakang'ono m'mwamba. Mukakadina, kamakufikitsani pansi pamene pali mawu a Sapitwa, ndipo kumapeto kwa mawuwo mumapeza kamuvi kokhota aka ↩ kamene kamakubwezerani pamene munalekezera. Hume akanasangalala.

Tsopano chinsinsi chimene ambiri sachidziwa. Nambala imene mwalemba m'mabulaketi si imene owerenga adzaione. Ndi dzina chabe, lothandiza kompyuta kulumikiza malo awiriwo. Mungathe kulemba liwu m'malo mwa nambala:

    Mulanje ndi phiri lalitali.[^phiri] Chambo ndi nsomba yokoma.[^nsomba]

    [^nsomba]: Imapezeka m'nyanja ya Malawi.
    [^phiri]: Lili kumwera kwa dziko lino.

Ngakhale mfundo ya nsomba ndi imene yalembedwa poyamba pansipo, kompyuta ipatsa phiri nambala 1 ndipo nsomba ikhala 2, chifukwa imawerenga motsatira mmene zatchulidwira m'nkhani. Mawa mukalowetsa mfundo yatsopano pakati pa ziwirizi, nsomba isanduka 3 yokha, inu osakhudza kanthu. Vuto lija la pa taipilaita latha. N'chifukwa chake ine ndimati mayina ndi abwino kuposa manambala. Nkhani ikatalika simungakumbukire kuti 17 inali mfundo yanji, koma nsomba simungaiiwale.

Malamulo ake ndi ochepa. Dzinalo lisakhale ndi mpata pakati, ndipo lilembedwe mofanana malo onse awiri. Mukalemba nsomba pamwamba koma somba pansi, kompyuta singakuganizireni. Ingosiya mabulaketi anu poyera, aliyense aone. Mfundoyo mungailembe pena paliponse m'fayilo, ngakhale pansi penipeni pa ndime imene mukulemba, ndipo kompyuta idzaisamutsira kumapeto yokha. Ngati mfundo yanu ili ndi ndime ziwiri, yachiwiriyo muilowetse mkati posiya mipata inayi kumayambiriro kwa mzere.

Koma pali pena pamene mungalembe zonsezi molondola, n'kuona kuti sizikugwira. Musadziimbe mlandu msanga. Markdown yoyamba ya Gruber inalibe mawu a m'munsi. Anthu ena ndiwo anawawonjezera pambuyo pake: Michel Fortin wa ku Canada m'mtundu wake wotchedwa Markdown Extra, Fletcher Penney mu MultiMarkdown, ndi John MacFarlane, mphunzitsi wa nzeru zakuya pa yunivesite ya ku Berkeley ku California, m'pulogalamu yake ya Pandoc imene anaiyamba mu 2006. Mu 2014 gulu lina, momwe munalinso MacFarlane, linalemba malamulo atsatanetsatane oti aliyense azitsatira, n'kuwatcha CommonMark, koma mawu a m'munsi sanalowemo. Kampani ya GitHub, kumene anthu mamiliyoni ambiri amasungako mapulogalamu awo, inayamba kuwalola mu 2021. Motero pulogalamu ina imamva kachizindikiro ka ^ kaja, ina sikamva.

Abale ake a Markdown nawonso ali ndi njira zawozawo. Pandoc imalola kuti mulembe mfundo pomwepo, osapita pansi. Kalembedwe ka reStructuredText, kamene David Goodger anapangira anthu olemba mapulogalamu m'chilankhulo cha Python, kamaika kamzere kapansi pambuyo pa bulaketi. Wikipedia, imene ili ndi gawo la Chichewa, imatsekera mfundo pakati pa mawu awiri akuti ref. Taonani zitatuzo motsatizana:

    Mulanje ndi phiri lalitali.^[Lili kumwera.]
    Mulanje ndi phiri lalitali. [1]_
    Mulanje ndi phiri lalitali.<ref>Lili kumwera.</ref>

Tinambala tija mumationa m'nkhani za pa Wikipedia timachokera pa mzere wachitatuwo.

Kuuza kompyuta kuti isakhudze

Apa ndi pamene pali funso lokoma. Tiyerekeze kuti mukulemba kalata ya Markdown yophunzitsa mnzanu zimene mwaphunzira lero. Mukufuna kumuuza kuti aike tinyenyezi tiwiri mbali iliyonse ya liwu. Mukalemba chitsanzo, kompyuta imvera lamulolo, inenepetsa liwulo n'kubisa tinyenyezi. Mnzanu aona liwu lonenepa, koma saona mmene mwachitira. Phunziro lonse lapita m'madzi.

Ife anthu vutoli sitilimva. Aphunzitsi akalowa m'kalasi n'kunena kuti, "Imirirani!" nonse mumaimirira. Koma akanena kuti, "Lembani mawu akuti imirirani m'makope mwanu," palibe amene amadzuka pa desiki, kupatula uja amawodzera kumbuyo. Liwu ndi lomwelo, koma koyamba ndi lamulo, kachiwiri akungolitchula. Inu mumasiyanitsa osaganiza n'komwe. Kompyuta siingathe, mpaka mutaiuza.

Chouzira chake ndi kamzere kakang'ono kopendama kotchedwa backtick. Ndi aka:

    `

Pa kiyibodi zambiri za Chingelezi kali kumanzere kwenikweni, pansi pa batani la Esc, pafupi ndi 1. Pa foni kamabisala m'tsamba la zizindikiro, ndipo muyenera kukafufuza pang'ono. Mukaika kamodzi kutsogolo ndi kena kumbuyo, zonse zili pakatipo kompyuta imazionetsa monga mwazilembera:

    Kuti liwu linenepe, lemba `**moni**`.
    Kuti uitane mfundo ya m'munsi, lemba `[^1]`.

Pa mzere woyamba tinyenyezi tonse tinayi tioneka. Pa wachiwiri palibe kanambala kam'mwamba kamene kabadwe, mabulaketi ndi caret zikhala poyera. Zosowa ndi timizere topendama tokha. Mwaona pamene nkhani zathu ziwiri zakumanira? Mkati mwa mawu a m'munsi mungaikemo ma backtick, ndipo agwira ntchito. Koma mkati mwa ma backtick simungabadwe mawu a m'munsi, chifukwa mmenemo mulibe lamulo limene limamveka.

Anthu opanga mapulogalamu amazitcha zimenezi inline code, kutanthauza kachidutswa ka malangizo a kompyuta kamene kali mkati mwa chiganizo wamba. Amazigwiritsa ntchito polemba dzina la fayilo, lamulo loti munthu atayipe, kapena liwu la m'pulogalamu:

    Tsegula fayilo ya `nkhani.md` ndipo ulembe `print("Moni")` pamwamba.

Mawu otsekeredwa chonchi amaoneka mosiyana ndi anzawo. Kawirikawiri amakhala m'kabokosi kotuwa, ndipo zilembo zake zonse zimatenga malo ofanana. Tayang'anani m'buku lililonse: chilembo cha i n'chowonda, cha m n'chotakata. Pa taipilaita sizinali choncho. Pepala linkasuntha mtunda wofanana pa chilembo chilichonse, motero i ndi m zinkapatsidwa malo amodzimodzi. Zilembo zotchuka za mtundu umenewu ndi Courier, zimene zinakonzedwera mataipilaita a kampani ya IBM m'zaka za m'ma 1950.

Kodi n'chifukwa chiyani anthu a makompyuta amakakamira zilembo zachikalezi? Chifukwa kwa kompyuta kanthu kakang'ono ndi nkhani yaikulu. Inu mukalemba kalata n'kuiwala kadontho, agogo anu aimva ndithu. Pulogalamu ikasowa kadontho kamodzi imakana kuyenda. M'chilankhulo cha Python ngakhale mipata ya kumayambiriro kwa mzere imawerengedwa, ndipo mipata imaoneka bwino zilembo zikakhala zofanana kukula. Chinanso, kabokosi kaja kamasonyeza pamene lamulo layambira ndi pamene lathera. Popanda iko, mwana wina akanatayipanso kadontho kotsekera chiganizo poganiza kuti ndi mbali ya lamulo.

Palinso chifukwa china chobisika. Mapulogalamu ena amakonda kukongoletsa zolemba. Akaona timizere towongoka totsekera mawu a munthu, amatipinda kuti tioneke ngati ta m'buku. Akaona timizere tiwiri togona totsatizana, amatilumikiza kukhala mzere umodzi wautali. M'nkhani wamba zimenezi n'zabwino. Mu code n'zowononga, pakuti Python siimva timizere topindidwa. Zimene zili pakati pa ma backtick sizikongoletsedwa.

Ife olemba Chichewa tili ndi msampha wathuwathu. Kamzere kam'mwamba kamene timalemba mu ng'ombe, m'nyumba kapena n'chifukwa si backtick ayi. Timafanana, koma ndi mabatani awiri osiyana, ndipo anthu ena amadina kolakwika osazindikira. Taonani zimene zingachitike mu Markdown:

    Ng`ombe ikuopa ng`ona.

Kompyuta iona backtick yoyamba n'kuganiza kuti code yayamba. Iona yachiwiri n'kuganiza kuti yathera pamenepo. Timizere tonse tiwiri tisowa, mawu akuti "ombe ikuopa ng" alowa m'kabokosi kotuwa, ndipo ng'ombe ndi ng'ona zonse zaduka mitu. Mukadzaona kabokosi kachilendo pakati pa chiganizo cha Chichewa, yambani mwafufuza pamenepo.

Mwambi wa kamzere mkati mwa timizere

Tsopano funso limene limagwetsa ngakhale akatswiri. Backtick imatsekera zizindikiro zina zonse kuti zioneke. Nanga mukafuna kuonetsa backtick yeniyeniyo, muitsekera ndi chiyani? Mukaika imodzi kutsogolo, ina pakati, ina kumbuyo, kompyuta iganiza kuti yapakatiyo ndi yotsekera. Imani kaye, muganize musanawerenge yankho.

Amene akudziwako pang'ono anena kuti tigwiritse ntchito kamzere kotsamira kumbuyo aka \ kotchedwa backslash. Zoonadi, m'chiganizo wamba kamzere kameneka kamachotsa mphamvu ya chizindikiro chotsatira. Mukakaika kutsogolo kwa kanyenyezi, kanyenyeziko kamangokhala kanyenyezi. Koma mwaiwala zimene tanena zija: mkati mwa ma backtick mulibe lamulo limene limamveka. Backslash nayo ikalowa mmenemo imasanduka kamzere wamba.

Yankho lake ndi lanzeru. Kompyuta imawerenga kuti mwatsegula ndi ma backtick angati, ndipo imadikira chiwerengero chomwecho kuti itseke. Mukatsegula ndi awiri, imodzi yokha singatseke. Choncho timalemba chonchi:

    Liwu lolakwika ndi ``ng`ombe``.

Awiri atsegula, imodzi yapakati yangodutsa, awiri atseka. Nanga ngati chimene mukufuna kuonetsa ndi backtick yokhayokha, popanda chilembo china? Mukaigundanitsa ndi anzakewo apezeka asanu pamzere umodzi, ndipo kompyuta singadziwe wotsegula ndi wotseka. Apa timasiya mpata mbali zonse ziwiri:

    `` ` ``

Malamulo a CommonMark amati mpata ukakhala kumayambiriro ndi kumapeto komwe, kompyuta ichotse umodzi mbali iliyonse. Motero owerenga amaona kamzere kamodzi kokha m'kabokosi kake. Ine ndimaona kuti limeneli ndi lamulo lokongola kuposa onse a mu Markdown, chifukwa silitha mphamvu. Zimene mukuonetsa zikakhala ndi ma backtick angati otsatizana, inu mungosankha chiwerengero china chotsegulira ndi kutsekera.

Code ikakhala yaitali, ya mizere ingapo, siikhalanso mkati mwa chiganizo. Imapatsidwa malo akeake. Gruber anati mzere uliwonse uziyamba ndi mipata inayi. Masiku ano ambiri amaika ma backtick atatu pa mzere wapamwamba ndi atatu pa mzere wapansi, ndipo akalemba dzina la chilankhulo pafupi ndi atatu oyambawo, mapulogalamu ambiri amapaka mawuwo mitundu kuti awerengeke bwino:

    ```python
    dzina = "Chikondi"
    print("Moni", dzina)
    ```

WhatsApp nayo imamva ma backtick atatu, ndipo kuyambira mu 2024 imamvanso imodzi mbali iliyonse. Koma abale aja apanso sagwirizana. Mu reStructuredText backtick imodzi ili ndi ntchito ina, ndipo code imafuna awiri. Anthu ozolowera Markdown akayamba kulemba reStructuredText amapunthwa pamenepa kawirikawiri.

Mwina mukudabwa kuti tizizindikiro tiwiri tachilendoti, backtick ndi caret, tinabwera bwanji pa kiyibodi. Sitinapangidwire makompyuta. Ndi tizizindikiro tokhala pamwamba pa zilembo m'zilankhulo monga Chifalansa, mwachitsanzo à ndi ê. Pa mataipilaita ena munthu ankadina kachizindikiroko, pepala osasuntha, kenako n'kudina chilembo kuti chigwere pansi pake. M'zaka za m'ma 1960 akatswiri a ku America anagwirizana za mndandanda wa zizindikiro 128 zoti makompyuta onse azizidziwa, wotchedwa ASCII, ndipo tiwiriti tinalowamo. Chingelezi sichitigwiritsa ntchito kwenikweni, motero tinangokhala pa kiyibodi topanda chochita. Kusowa ntchito kumeneko ndiko kunatipatsa ntchito yatsopano. Wofuna chizindikiro cha lamulo amasankha chimene anthu sachilemba kawirikawiri m'nkhani zawo, kuti pasakhale chisokonezo. Ndipo caret inu mumaidziwa kale. Ndi kachizindikiro komwe kaja kamakhala pamwamba pa w m'mabuku amene amalemba kuti Malaŵi.

Chokoma cha Markdown n'chakuti simufunika kukhala ndi kompyuta kuti muyambe kuiphunzira. Tengani kope ndi pensulo. Lembani ndime imodzi yokhudza mudzi wanu kapena sukulu yanu, muikemo mfundo ziwiri za m'munsi zokhala ndi mayina, osati manambala, ndipo imodzi mwa izo inene amene anakuuzani zimene mwalembazo. Kenako mupatse mnzanu kopelo, iyeyo akhale kompyuta. Alembenso ndimeyo mmene ingaonekere pa sikirini: apereke manambala motsatira dongosolo, abise zizindikiro zoyenera kubisika, ndipo ajambule kabokosi pamene pali ma backtick. Akhale wouma mtima ngati makina enieni. Mukaiwala timadontho tiwiri tija, asakukhululukireni.

Mukatha zimenezo, yesani ichi: mulemba bwanji kuti owerenga aone ma backtick awiri ogundana okha m'kabokosi? Mayankho olondola alipo oposa limodzi, ndipo lalifupi kwambiri limafuna ma backtick anayi basi pamodzi ndi mipata iwiri. Mukalipeza, kaonetseni aphunzitsi anu a kompyuta, muone ngati iwo alipeza msanga kuposa inu.